Kwathu ndi pa Apusitezi

Amene amapereka maina a malo kwathu kuno ndi anyamata a kabaza. Boma lili ndi maina ake, a njanji ali ndi awo pa zikwangwani, koma dzina loti likufikitseni pakhomo pa munthu ndi limene lili pakamwa pa wopalasa njinga.

Maina awowo sagwirizana ndi zimene maso akuona. Mukatsika sitima pa siteshoni yathu, kupitirira Liwonde polowera ku Nayuchi, malo oyamba kuima njinga ndi pa Chigayo. Chigayo palibe. Chinapsa kalekale, pano pangomera chitedze. Kutsogolo kwake ndi pa Ndege, chifukwa tsiku lina helikopita inatera m'munda wa chinangwa n'kunyamukanso anthu ali mkati mothamangira. Pali pa Sitolo Zambiri, pomwe pali okala imodzi ya sopo ndi machesi. Siteshoni yeniyeniyo inatenga dzina la mudzi wakutali ndi njanji, moti eni dzinawo amaimva sitima pokhapokha mphepo ikaombera kwawo. Ngakhale popita ku boma, achikulire ena amanenabe kuti akupita ku Kasupe, dzina limene linachotsedwa ine ndili mwana.

Maina amenewa ndinkaseka nawo. Ndinaleka pamene limodzi linagwera pakhomo panga.

Ine kwathu ndi kwa Kalembo, ku Balaka. Ku Machinga kuno ndinabwera kudzakwatira, ndipo malo amene ndimakhalapo ndi a mkazi wanga, monga zimakhalira kuno. Ndinkagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina yogula thonje, mpaka pamene inatichotsa ambirife n'kutipatsa kangachepe kotsanzikira. Nthawi imeneyo njanji inali kukonzedwa, ndipo aliyense ankati pano pasanduka tauni. Sindine munthu wopupuluma. Ndinaganiza mofatsa, n'kutsimikiza zomanga nyumba yosanja: pansi sitolo ndi pogona ife, pamwamba zipinda za apaulendo otsika sitima.

Mmisiri anati tiyambe ndi masitepe akunja, kuti pothira konkire yapakati anyamata azikwera bwino ndi ndowa. Zinamveka zanzeru. Masitepewo anamangidwa olimba, okhala ndi chitsulo chogwirira. Kenaka simenti inakwera mtengo, m'thumba munapepuka, ndipo njanji itatha kukonzedwa tinaona kuti sitima zambiri ndi zamalasha, zazitali, zosaima. Ya anthu imabwera tsiku lake, ndipo otsikamo ndi anthu a konkuno, oti kogona ali nako. Ndinafolera malata pa zipupa zapansizo. Masitepe anatsala pambali pa nyumba, kukwera mpaka kupitirira denga, n'kuthera m'malere.

Sipanapite nthawi, ndinamva wa kabaza akufunsa mayi wina wa thumba la mpunga kuti, "Mutsikira pa Ndege kapena pa Apusitezi?" Ankanena za masitepe anga aja, ndipo mayiyo sanafunse n'komwe kuti ndi pati pamenepo.

Ndinalimbana nalo dzinalo mwakachetechete. Ndinabzala mitengo ya kesha kuti ibise masitepe, mbuzi zinadya. Ndinafuna kuwagumula, mkazi wanga anakana, chifukwa ndi pokhapo pamene amayanikapo mphale nkhuku osamuvutitsa kwambiri. Ndinalembetsa chikwangwani cha sitolo yathu, dzina labwino ndithu, Mtendere. Anyamata a kabaza analilandira ndi manja awiri. Anayamba kunena kuti, "Pa Mtendere, pa Apusitezi paja." Ndikakwera njinga pa siteshoni ndinkangoti, "Tiye, ndikuuza poima." Mnyamatayo ankayankha mwaulemu kuti, "Musavutike madala, ndikudziwapo." Ine pakamwa panga dzinalo silinatulukepo, ndipo ndinkaona ngati pamenepo ndapambana pang'ono.

Mwana wathu woyamba ndi wamkazi, amasoka zovala ku Balaka. Chaka china anabwera n'kuuza mayi ake kuti wapeza mnyamata, wokonza njinga zamoto, wa ku Utale, ndipo akwawo akufuna kudzafunsira. Mayi ake anandiuza ine. Kundiuzako kunali kwa ulemu chabe. Kuno bambo alibe mawu pa ukwati wa mwana wake. Mwini nkhani ndi atsibweni ake a mwanayo, mlongo wamkulu wa mkazi wanga, amene ine ndimawatchula kuti alamu.

Alamu angawa amagulitsa matemba. Ndi Asilamu, monga ambiri a kwa mkazi wanga, ndipo ndi munthu wokonda kuseka, makamaka akamaseka ine. Nkhani ya ukwatiyi sinawasangalatse. Iwo ankafuna mnyamata wapafupi, woti adzalime pa malo a mbumba, osati wa ku Balaka woti amutengere mwana kutauni mpaka kalekale. Anakhala pakhonde pathu, natafuna nzimbe nthawi yaitali.

"Abwere tsiku la sitima, ndiwaone," anatero. "Koma tsiku limenelo kuli sadaka kwa mfumu, ya malemu msuweni wanga. Azana yoitanira mapemphero a masana ikangomveka ku mzikiti, ine ndakwera njinga. Akachedwa, nkhani yathera pomwepo. Sindingakhale pansi kawiri chifukwa cha anthu a ku Balaka."

Ponena mawu omalizawo anayang'ana ine.

Mwana wanga anadziwa kuti sakunena zocheza. Alamu akakana kamodzi, palibe m'bale wina angaimirire m'malo mwawo, ndipo iye sankafuna ukwati wolowera kukhitchini. Madzulo ake anabwera pamene ndinakhala, nagwada.

"Ababa, inu ndi amene muwalozere njira alendowo. Mumalongosola bwino zinthu."

Ndinadziwa kuti akundifunira kantchito kuti nanenso ndioneke kuti ndilipo. Ndinalandira. Anandipatsa nambala ya atsibweni ake a mnyamatayo, amene ankatsogolera ulendo. Mnyamatayo mwini sankabwera nawo, ndipo kwathu anali asanafikeko.

M'mawa mwake ndinapita kumsika wa pa siteshoni, ndinaimba. Anayankha bambo wa mawu ofatsa. Ndinawauza zonse mwadongosolo. Akwere sitima ya m'mawa ku Balaka. Ikaima pa Nkaya asatsike, ngakhale ichedwe bwanji. Awoloke Shire pa Liwonde. Atsike pa siteshoni yathu, atenge kabaza, atchule dzina la mudzi wathu, n'kuwonjezera kuti wachiwiri.

"Palibe dzina la pamalopo, loti anyamata a njinga amve msanga?" anafunsa.

"Iyayi. Dzina ndi lomwelo."

Apa ndifotokoze pang'ono. Mudzi wathu unagawikana ndi wina makolo a mkazi wanga ali moyo. Ena anatsala tsidya la dambo komwe kuli mfumu, ena anabwera kuno kufupi ndi njanji, ndipo onse anakana kusiya dzina. A ku boma anathetsa mkanganowo poika manambala, woyamba ndi wachiwiri. Manambalawo anatsalira ku boma komweko. Pansi pano aliyense amati mudzi wake ndi woyamba, ndipo wa kabaza akamva dzinalo amadziwa chinthu chimodzi, kwa mfumu. Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinangoganiza kuti munthu akatchula momveka bwino kuti wachiwiri, wopalasayo aganiza. Komanso sindinkafuna kuti anthu odzafunsira mwana wanga ayambe kundidziwa ndi masitepe.

Nditafika kunyumba mkazi wanga anandifunsa, "Mwawauza kuti pa Apusitezi?"

"Ndawauza dzina loyenera."

"Loyenera kwa ndani?"

Anati bwanji titume munthu akawachingamire pa siteshoni. Ine sindikanatha kupita ndekha, chifukwa bambo wochingamira odzafunsira amaoneka ngati akutsatsa mwana. Koma kutuma munthu kukanatanthauza kuti malongosoledwe anga ndi operewera. Ndinati palibe chifukwa.

Tsiku la sitima linafika. Mkazi wanga ndi ang'ono ake anadzukira kukhitchini. Nkhuku anadzazinga alamu okha m'mamawa, mwa Chisilamu, kuti nawonso adye. Ine ndinavala suti yanga ya kutchalitchi, n'kundandalika mipando pansi pa mtengo wa mango. Wanga ndinauika pambali pang'ono, monga mkamwini. Alamu anabweranso ndi mng'ono wawo, atavala mkanjo woyera wa kusadaka, njinga n'kuitsamiritsa pamtengo, yoloza kale kumsewu.

Sitima inalira dzuwa litakwera pang'ono. Tinaimva ikuima, tinaimvanso ikunyamuka. Posakhalitsa njinga zinayamba kudutsa pamsewu, ina yanyamula mayi ndi mwana, ina malata, ina bambo wakumbatira wailesi. Iliyonse ndinkaiyang'ana mpaka itapitirira. Kenaka msewu unangoti zii.

"Sitima ija yadutsa, alamu," anatero alamu anga. "Kapena anthu a kwanu amatsika ikamabwerera?"

"Akubwera. Mwina akugula kanthu pamsika."

"Ee, agule. Matemba anga alinso pomwepo."

Tinadikira. Mthunzi wa mango unayamba kubwerera kutsinde, ife n'kumasuntha mipando kuutsatira. Mng'ono wawo wa alamu anagona ali chikhalire. Mwana wanga anali m'nyumba, monga mwa mwambo, koma katani ya pawindo inkagwedezeka kawirikawiri. Mkazi wanga anatuluka kukhitchini, napukuta manja pachitenje, naima pafupi nane. Sanakweze mawu.

"Aimbireni."

Ndinatulutsa foni. Netiweki panalibe, ndipo ndinkadziwa kuti sipangakhale. Pakhomo pathu imagwira pamalo amodzi okha, pamwamba penipeni pa masitepe. Anthu oyandikana nafe amabwera kudzapempha kukwerapo akafuna kulankhula ndi abale awo a ku Joni. Ine ndinali ndisanaimbirepo pamenepo. Ndikafuna kuimba ndinkayenda mpaka pa chulu cha kunjanji, kapena kumsika.

Ndinayang'ana njira ya kuchulu. Ndinayang'ana dzuwa.

"Kuchulu n'kutali," anatero mkazi wanga, ngati wamva zimene ndimaganiza.

Ndinakwera. Nsapato za kutchalitchi zimalira pa konkire, ndipo aliyense pabwalo anatukula mutu. Azimayi anatuluka kukhitchini. Ana a oyandikana nawo anasiya masewera. Nditafika pamwamba ndinaona denga la nyumba yanga, dzimbiri lake lonse, ndi nsapato ya mwana imene inatayika kalekale. Ndinaonanso njanji, ndi dambo, ndi utsi wambiri tsidya lake.

Foni inalira kamodzi, bambo aja anayankha mosangalala.

"Tafika kale, bambo! Tafika bwino kwambiri. Koma mwatilandira ngati mafumu. Anthu onsewa! Mpunga, nyama ya mbuzi, tadya mpaka tapepesa."

"Mwafika kuti?"

"Kwanu kuno. Anyamata a njinga atitula pabwalo penipeni. Kungoti inuyo sitinakuoneni. Ndipo tikudabwa pang'ono." Anatsitsa mawu. "Amuna onse avala zisoti, ndipo akhala akuwerenga Chiarabu kuyambira pamene tafika. Tinaganiza kuti ndi mmene mumayambira kuno. Tafunsa za mtsikana wosoka, akungotiyang'ana."

Ndinayang'ananso utsi uja. Alendo anga anali kusadaka. Kusadaka safunsa munthu kuti ndiwe yani. Ukafika amakuyalira mphasa n'kukupatsa mbale.

"Bambo, pepani," ndinatero. "Kumeneko si kwathu. Chokaniko msanga. Pali wa kabaza pafupi?"

"Alipo, omwe anatibweretsa aja. Nawonso akudya."

"Muwauze awoloke dambo, abwerere njira ya ku siteshoni. Akapitirira pa Ndege, ayang'ane nyumba ya malata ya kumanja, yokhala ndi sitolo yolembedwa kuti Mtendere."

Ndinamva akubwereza mawu angawo kwa munthu wina. Kenaka pafoni panabwera mawu a mnyamata, m'kamwa muli chakudya.

"Halo, madala. Mtendere wake uti? Ulipo wa telala, ulipo wa mowa, ulipo wina kuseri kwa sukulu."

"Kupitirira pa Ndege. Pali mtengo wa mango."

"Mango ali paliponse, madala. Tangonenani, ndi pati?"

Nthawi yomweyo azana inamveka kuchokera ku mzikiti wa kumsika. Pansi, alamu anaimirira, nakutumula mkanjo, nagwira njinga. Chitseko cha nyumba chinatseguka. Mwana wanga anatuluka, mwambo kapena ayi, nathamanga n'kugwada kutsogolo kwa njingayo, dzanja lili pa tayala.

"Atsibweni, chonde. Olakwa si iwo."

"Ndinanena, mwanawe. Azana ndi imeneyo."

Ndinaika foni pafupi ndi pakamwa, ndinanena motsitsa.

"Pa Apusitezi."

"Mwati? Mphepo, madala. Kwezani mawu."

"Pa Apusitezi!"

Mawuwo anamveka mpaka kumsewu. Nkhuku zinathawa pansi pa masitepe. Pafoni mnyamata uja anaseka.

"Aa! Ndi inu madala? Bwanji osanena kale? Tikubwera pompano."

Kenaka alamu anayamba kuseka. Anaseka mpaka anasiya njinga, mwana wanga n'kuigwira kuti isagwe. Anakhala pansi pa muzu wa mango, napukuta misozi ndi mkono wa mkanjo.

"Watchula! Mwamva nonse? Watchula yekha, ali pamwamba pake!"

Ndinatsika pang'onopang'ono, nditagwira chitsulo. Mkazi wanga anandifunsa komwe kuli alendo, ndinanena. Iye anatembenukira kwa mlongo wake.

"Achimwene, kusadaka mukuthamangirako alendo anu akukudyerani kale. Mukapita pano mukumana nawo padambo. Mukapatsana moni pamatope?"

Alamu anaganiza. Ndikukhulupirira kuti chimene chinawagwira si chifundo ayi. Sankafuna kuphonya zotsatira.

"Ndipatseni madzi ndi mkeka, ndiswalire konkuno," anatero. "Ndikufuna ndiwaone anthu amene adya mpunga wanga."

Njinga zinafika iwo atangomaliza. Panatsika bambo wamtali wa imvi, yemwe ndinalankhula naye uja, ndi bambo wina wamfupi, ndi mayi wonyamula dengu. Nsapato zawo zinali matope okhaokha. Onse, asanapereke moni, anayang'ana masitepe kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenaka n'kuyang'ana kumwamba kumene akulozako. Palibe ananenapo kanthu. Ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Anakhala pansi. Malonje anayamba, ine ndili pa mpando wanga wapambali. Alamu anafunsa za ulendo, ngati sakudziwa kanthu.

"Tayenda bwino," anatero bambo wa imvi. "Kungoti tinasokera pang'ono. Ndi ife, sitinamvetse bwino malangizo."

"Iyayi, bambo, musadzinamizire," anatero alamu. "Tonse pano tamva. Malangizo enieni aperekedwa posachedwapa, kuchokera kumwamba."

Azimayi kukhitchini anaseka. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Chakudya chinabwera, mpunga ndi nkhuku. Alendowo anayang'anana. Kukana chakudya pakhomo pamene wadzafunsira ndi chipongwe, ndipo iwo ankadziwa. Anasamba m'manja ngati anthu opita kukalima munda wa eni. Bambo wamfupi anamasula lamba mobisa. Alamu ankawawonjezera okha nyama m'mbale.

"Idyani, alendo. Mwachokera kutali. Kapena wa tsidya lija unali wokoma kuposa wathu?"

"Wonse ndi wokoma," anatero mayi uja, thukuta lili pamphumi. "Kuno ku Machinga mumadziwa kuphika."

Anamaliza ndithu. Atasamba, bambo wa imvi anakonza kukhosi nanena chimene abwerera, m'mawu ozungulira monga zimayenera. Alamu anamvetsera maso ali pansi. Kuseka kunali kutatha tsopano. Anafunsa za mnyamatayo, ntchito yake, ngati anakwatirapo, ngati amamwa. Kenaka anafika pamene panali mtima wawo.

"Mwana uyu ali ndi malo kuno. Mayi ake ali pano, agogo ake anagona pano. Inu mukamutenga, tidzamuonanso pa maliro pokha?"

"Ntchito zawo zili ku Balaka, zimenezo sitingabise," anayankha bamboyo. "Koma ifenso kwathu mwambo ndi womwewu. Mphwanga akudziwa kuti nyumba yake yeniyeni adzamanga kuno, pa malo amene mudzamulozere. Dzinja azidzalima."

"Adzamanga yotani? Yapansi kapena yam'mwamba?"

Bamboyo sanayang'ane kumasitepe, ngakhale ndinaona khosi lake likufuna.

"Imene angathe kumaliza," anatero.

Alamu anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti yankholo lawakomera. Ine silinandikomere kwenikweni, koma sindinafunsidwe.

Panatsala chinthu chimodzi. Alendo otere sabwera chimanjamanja, ndipo mwini mbumba akalandira chimene abweretsa ndiye kuti wavomera. Mayi uja anavundukula dengu. Munali chitenje cha mayi a mtsikana, shuga ndi sopo. Kenaka anayang'ana bambo wa imvi, bamboyo n'kuyang'ana wamfupi.

"Tinali ndi tambala wa atsibweni," anatero wa imvi. "Wamkulu ndithu, wofiira. Titafika tsidya lija, amayi ena anatilandira katundu, ndiye ife poganiza kuti ndi eni pakhomo, tinapereka ndi manja awiri. Pamene timanyamuka n'kuti ali kale mumphika."

Mwana wanga anali atabwerera m'nyumba, koma katani inali itasiya kugwedezeka. Ndinadziwa kuti waima pomwepo, akumva.

"Ndiye kuti sadaka ya msuweni wanga mwaperekako tambala," anatero alamu. "Zimenezo Mulungu waona. Koma ine sindinaone. Ine sindingavomere ukwati ndi sopo."

"Tingabwerenso naye tsiku lina la sitima."

"Ndinanena kuti sindikhala pansi kawiri."

Anatembenuka pang'onopang'ono ndi mpando womwe, mpaka anayang'anizana nane.

"Alamu, amene wasocheretsa tambala ndani?"

"Ndine."

"Ndamva kuti muli naye wanu. Amandidzutsa ndikagona kuno."

Ndinali naye, mmodzi yekha, wamawangamawanga, amene ndinkamusunga kuti akhale wa mbewu. Ndinavula jekete, n'kuipachika pampando.

Tambala wa kumudzi sagwidwa masana. Anandiona ndikubwera, nadziwa. Tinazungulira nkhokwe, tinadutsa m'munda wa nandolo, tinabwereranso kunkhokwe. Anyamata a kabaza, omwe ankadikira alendo awo pamsewu, anayamba kundilangiza mokuwa, wina akuti kumanja, wina akuti kumanzere. Ndinagwa kamodzi pa bondo, buluku la suti n'kung'ambika. Potsiriza mwana wanga anatulukira khomo lakuseri ndi chitenje m'manja. Anaima mbali ina ya khola la mbuzi, ine mbali ina, tambala pakati. Anamuponyera chitenje, namugwira miyendo, nandipatsa.

"Bondo lili bwanji, ababa?"

"Lili bwino."

"Bulukulo ndisoka madzulo."

Ndinaitana bambo wamfupi kuseri kwa nyumba, ndinamupatsa tambalayo. Iye anamulandira, namusisita nthenga, nazungulira naye kubwalo ngati wachoka naye ku Utale. Bambo wa imvi anamutenga, nagwada pamaso pa alamu, namupereka ndi manja awiri.

Alamu anamunyamula, namuyeza kulemera, namupenda m'maso.

"Anthu a ku Utale mumaweta bwino," anatero. "Ndalandira."

Nthungululu zinamveka kukhitchini. Mkazi wanga anatuluka akuvina, ang'ono ake pambuyo, ndipo mayi wa dengu uja, ngakhale anali atakhuta kawiri, anaimirira n'kuvina nawo. Anagwirizana za mwezi wa chinkhoswe, kukolola kukatha. Alamu anamanga tambala wanga pa kaliyala, nakweza mkanjo, nakwera njinga kuti akapeze zotsala za kusadaka. Asanapalase anaitana mwana wanga, amene tsopano anali ataloledwa kutuluka.

"Pa chinkhoswe, bambo akowa uwapatse ntchito yonyamula mipando."

"Ndamva, atsibweni," anatero, atagwada, akubisa nkhope m'chitenje. Mapewa ake ankagwedezeka. Tsiku lonselo ndinali ndisanamuone akuseka.